Malamulo a Bolodi la Zidziwitso ndi Zionetsero m'Malaibulale a Anthu Onse

Pafupi ndi khomo la laibulale ya anthu onse nthawi zambiri pamakhala bolodi lomatapo zidziwitso, tebulo loikapo timapepala ndi nyuzipepala zaulere, mwinanso kabati yagalasi yoonetseramo zojambula, zoumba kapena zinthu zakale za m'deralo. Malamulo a malo amenewa amanena munthu amene angabweretse chinthu, zinthu zololedwa, masiku amene chinthucho chikhalepo, ndi amene ali ndi mphamvu yochichotsa. Zimenezi n'zosiyana ndi chionetsero cha mabuku chimene ogwira ntchito akonza okha. Pa chionetserocho ndi laibulale imene ikulankhula, pomwe pabolodi akulankhula ndi anthu akunja amene yangowabwereka khoma.

Zambiri mwa zimene malamulowa amanena n'zosavuta kumva. Wobweretsa chidziwitso samata yekha, amachipereka kwa wogwira ntchito, amene amadindapo tsiku. Pepala lisakule mpaka kuphimba ena, lionetse dzina la bungwe limene lalitulutsa, ndipo tsiku la msonkhano likadutsa lichotsedwe. Malo akachepa, zidziwitso za laibulale ndi za boma zimayamba, kenako za magulu osachita malonda. Malaibulale ambiri amakana zotsatsa malonda, ndipo amalemba poonekera kuti kumata pepala sikutanthauza kuti akuvomereza zimene likunena. Woonetsa katundu wake m'kabati amasainira kuti akaonongeka kapena kubedwa, laibulale silipira.

Pamene pamavuta ndi pa funso loti wogwira ntchito angakane pepala chifukwa chodana ndi zolembedwamo kapena eni ake. Nkhaniyi yakambidwa kwambiri ku United States. Mu 1938, Forrest Spaulding, mkulu wa laibulale ya mumzinda wa Des Moines, analemba mfundo za ufulu wa owerenga ataona mmene kupondereza mabuku kunkakulira padziko. Bungwe la American Library Association, limene linakhazikitsidwa mu 1876, linatenga mfundozo mu 1939, ndipo lero zimatchedwa Library Bill of Rights. Ndime yachisanu ndi chimodzi ya chikalatacho, monga chilili lero, imati laibulale ikatsegulira anthu malo oonetserapo zinthu ndi zipinda za misonkhano, iwatsegulire mosakondera, posayang'ana chikhulupiriro chawo kapena gulu lawo. Mu 1991 bungweli linatulutsa chikalata china chofotokoza mmene mfundoyi igwirire ntchito pa mabolodi ndi pa zionetsero. Chikalatacho si lamulo la dziko, koma malaibulale ambiri a kumeneko amachitsatira polemba malamulo awo.

Mfundo yake ndi yakuti laibulale sikakamizidwa kupereka bolodi, koma ikapereka, isasankhe nkhope. Ili ndi ufulu woika malire pa nthawi, malo ndi kamatidwe, bola malirewo akhudze aliyense mofanana. Ikalola chidziwitso cha msonkhano wa mpingo wina, singakane cha mpingo winanso kapena cha mzikiti chifukwa choti mkulu wa pamalopo sapemphera kumeneko. Mfundo imeneyi ndi yolungama, pakuti khomalo linamangidwa ndi msonkho wa onse, ndipo amene amalidalira kwambiri ndi amene alibe ndalama zolengezera pawailesi: kagulu ka amayi osoka, aphunzitsi a sukulu ya kwacha, achinyamata okonza sewero.

Makhoti a ku America agamulapo milandu yotere. Laibulale ya ku Oxford, m'chigawo cha Mississippi, inakana kubwereketsa holo yake ku gulu la Concerned Women for America chifukwa msonkhano wake unali wa mapemphero. Mu 1989 khoti la apilo linagamula mokomera gululo, litaona kuti holoyo inkabwerekedwa kale ndi magulu osiyanasiyana, choncho panalibe chifukwa chotsekera limodzi lokha.

Mlandu wa m'chigawo cha Georgia unatha mosiyana, ndipo ndi womvetsa chisoni. Anthu ena atadandaula ndi nyuzipepala yaulere ya The Gay Guardian imene inkaikidwa patebulo la pakhomo, akuluakulu a Ohoopee Regional Library System anatseka tebulolo kwa aliyense, n'kungosiya zofalitsa za boma ndi za laibulale. Mu 2002 khoti linati zimenezo n'zololedwa, chifukwa boma lili ndi mphamvu yotseka malo amene linatsegula lokha. Pofuna kuchotsa nyuzipepala imodzi, dera lonse linataya malo ogawirana nkhani, ngakhale magulu amene sanali nawo m'mkanganowo.

Za ndale zimasiyana dziko ndi dziko. Ku England ndi Wales malaibulale ambiri ali m'manja mwa makhonsolo, ndipo lamulo la Local Government Act la 1986 limaletsa khonsolo kufalitsa zinthu zokopera anthu ku chipani cha ndale. N'chifukwa chake mapepala a kampeni saloledwa pamabolodi ambiri a kumeneko, makamaka chisankho chikayandikira, ngakhale kuti chidziwitso cha tsiku ndi malo ovotera chimamatidwa.

Malamulo abwino amakhala olembedwa, ndipo aliyense wofuna kuwaona amapatsidwa. Amanenanso njira yodandaulira, kwa amene pepala lake lakanidwa ndi kwa amene waipidwa ndi chimene waona pakhoma. Wodandaula amalemba fomu, mkulu wa laibulale amaunika nkhaniyo poyerekeza ndi malamulo olembedwawo, ndipo munthuyo akapanda kukhutira amakatula nkhani ku komiti yoyendetsa laibulale. M'malo ambiri chinthu chodandaulidwacho chimakhalabe pamalo pake mpaka chigamulo chitatuluka.