Za Nthano za Dziko la Oz, ndi Munthu Anazilembayo

Tifuna kukamba za mabuku ena a ana olembedwa ku America zaka zoposa zana zapitazo, ndi za mlandu umene anautsa pakati pa akuru. Mlanduwo ndi uwu: kodi nthano yongokondweretsa, yosanena mwambo wace poyera, iyenera kupatsidwa kwa mwana? Ife aphunzitsi funsoli litikhudza, pakuti buku loyamba limene mwana aligwira licokera m'manja mwathu.

Wolemba wace ndiye L. Frank Baum, wobadwa m'caka ca 1856 ku Chittenango, m'dera la New York. Munthuyu anayesa nchito zambiri, koma zambiri zinamkanika. Anayamba waweta nkhuku, nacitanso masewero pamaso pa anthu. M'caka ca 1888 anasamukira ku Aberdeen, ku dziko la Dakota, natsegula sitolo. Koma zaka zimenezo mvula inakana, anthu anatenga katundu pa ngongole osakhoza kubweza, ndipo sitolo inatsekedwa m'1890. Anagwirako nyuzipepala ya mudziwo, nayonso siinakhalitsa. M'1891 anafika ku Chicago ndi banja lace, nayendayenda kugulitsa mbale zadothi. Madzulo amasimbira ana ace nthano. Ndipo apongozi ace, Matilda Gage, amene anadziwika pomenyera akazi ufulu wa kusankha nao atsogoleri, ndiwo anamkakamiza kuti azilembe.

M'caka ca 1900 linaturuka buku lochedwa The Wonderful Wizard of Oz, ndi zithunzi za W. W. Denslow. Nkhani yace iyambira ku Kansas, kumene dzuwa linaumitsa udzu ndi nthaka kufikira zonse zinatumbuluka ngati phulusa. Tiyesa kuti amene analemba mau amenewo anali kukumbuka cilala ca ku Dakota. Kabvumvulu anyamula nyumba, m'katimo muli mtsikana wamasiye Dorothy ndi kagaru kace Toto, naitula ku dziko lacilendo la Oz. Pofuna njira ya kwao mtsikanayo apeza anzace atatu: cidole ca udzu coopsa mbalame m'munda, cofuna nzeru, munthu wa malata wodula nkhuni, wofuna mtima, ndi mkango wamantha, wofuna kulimba mtima. Onse anka kwa Wamatsenga wamkuru wokhala ku mudzi wobiriwira.

Tsono pa tsamba loyamba Baum ananena colinga cace. Anachula ndi ulemu nthano zakale za ku Europe, za Grimm ndi za Andersen, koma anati nthawi yafika ya nthano zatsopano, zopanda zoopsa zija zimene akale anaikamo kuti mwambo ulowe ndi mantha. Anati makhalidwe aphunzitsidwa kale ku sukulu, cifukwa cace nthano ingokondweretsa mwana. Taonani, katundu yense anamsenzetsa mphunzitsi!

Ife tiona kuti lonjezo limeneli sanalisunga, ndipo anacita bwino posalisunga. Zoopsa zirimo ndithu: munthu wa malata uja apha mimbulu makumi anai ndi nkhwangwa yace, ndi cidole cipotola makosi a akhwangwala makumi anai. Ndipo mwambo nawonso ulimo, koma ubisala m'zocita. Pa ulendo ponse cidole copanda nzeruco ndico cipeza njira pakabvuta. Wopanda mtimayo alira misozi ataponda kacirombo, kufikira nsagwada zace zicita dzimbiri. Ndi mkango wamanthawo ulumpha cigwembe, anzace ali kumsana. Mwana wochera khutu azindikira izi yekha, wolemba asanamuuze kanthu, ndipo cimene mwana wadzipezera yekha saciiwala msanga.

Cimene citikondweretsa koposa ndico ca Wamatsengayo. Kagaru katagwetsa cochinga, apezeka kuti ndi nkhalamba yaifupi yadazi, mbadwa ya Omaha, imene inauluzidwa ndi mphepo m'cithumba ca mpweya, ndipo anthu poiona iri kutsika kumwamba anaiyesa yamphamvu. Mudzi wace uoneka wobiriwira cifukwa yense wolowamo abvekedwa mandala obiriwira, omangidwa ndi loko. Cidole acipatsa gaga wosanganiza ndi zingano m'mutu, wa malata ampatsa mtima wa nsaru wodzala utuci wa matabwa, mkango aupatsa cakumwa. Ndipo onse acoka okondwa, ngakhale sanalandira kanthu kamene analibe kale. Pali makolo ena amene aopa bukuli pakumva kuti muli mfiti. Tiwakumbutse kuti liu lathu lakuti mfiti lilemera koposa liu la Cingerezi limene lirimo, pakuti mwa akazi anai amatsenga a m'dzikomo awiri ndi abwino. Ndiponso mutu wa nkhani ndiwo kuulula wonyenga amene anadya za anthu cifukwa ca mantha ao.

Sitiyenera kubisa cinthu cimodzi coipa ca wolembayu. M'December 1890, atafa Sitting Bull, mfumu ya anthu a Sioux, ndiponso m'January 1891, asilikari atapha anthu ambiri a mtunduwo pa Wounded Knee, Baum analemba m'nyuzipepala yace kuti eni dziko otsalawo aonongedwe onse. Dzanja lomwelo linalemba za munthu wolirira kacirombo. M'caka ca 2006 ena a mbumba yace anapita ku South Dakota kukapepesa.

Ana anakonda Oz koposa mwini wace. Anamlembera makalata osaleka, kupempha mabuku ena. M'1910, pa buku lacisanu ndi cimodzi, anayesa kutsiriza, nanena kuti dzikolo latsekedwa, mbiri yace siidzamvekanso; koma m'1911 anagwa m'ngongole, ndipo m'1913 anabwerera ku Oz. Onse pamodzi analemba mabuku 14, lotsiriza linaturuka m'1920, mwini atamwalira m'1919. Pambuyo pace Ruth Plumly Thompson anaonjeza ena 19. Koma osunga nyumba za mabuku ambiri anawakana zaka zambiri, nawayesa acabe. Ngakhale m'1957 mkuru wa nyumba za mabuku za ku Detroit ananenabe kuti alibe phindu kwa ana.

Anthu ambiri lero adziwa nkhaniyi cifukwa ca kanema wa m'1939. M'menemo nsapato zasiliva za Dorothy zinasanduka zofiira, ulendo wonse unayesedwa loto cabe, ndipo asanabwerere kwao mtsikanayo afunsidwa kuti anene ndi pakamwa cimene waphunzira. M'buku la 1900 palibe amfunsa cotero: afika pa khomo wopanda nsapato, pakuti zinatayika m'cipululu, ndipo azakhali ace, amene anali kuthirira ndiwo m'dimba, amfungatira.