Khoma la Angongole ku Southwark

Tsiku lina ndikuweruka kuntchito ku London, ndinakhotera m'kanjira kopanikiza kuseri kwa tchalitchi cha St George the Martyr ku Southwark. Kumeneko kuli khoma lakale la njerwa zothimbirira, chotsalira cha ndende ya Marshalsea, kumene ankatsekera anthu olephera kubweza ngongole. Nditaligwira khomalo ndinakumbukira malume anga kumudzi, amene wakatapila anawalanda njinga ndi malata omwe.

Mu 1824, m'ndendemu munalowa John Dickens chifukwa cha ngongole ya mapaundi 40 ndi mashiling'i 10 kwa munthu wophika buledi. Mkazi wake ndi ana aang'ono anamutsatira n'kukakhala naye momwemo. Mwana wake Charles, wa zaka 12, ankamata mapepala pa mabotolo a polishi wa nsapato, kulandira mashiling'i 6 pa sabata. Mnyamatayo ndi amene anadzakhala mlembi wotchuka, ndipo chilonda cha masiku amenewo sichinapole mumtima mwake.

Chimandiwawa n'chakuti njira yokhululukira ngongole inalipo kale, koma sinali ya aliyense. Lamulo loyamba la ku England lokhudza anthu ogwa pa chuma, la mu 1542, linkawaona ngati mbava. M'nthawi ya Mfumukazi Anne, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700, anavomereza kuti munthu akapereka katundu wake yense mokhulupirika, ngongole yotsalayo ifafanizidwe. Koma mwayiwu unali wa amalonda okha mpaka 1861. Kalaliki ngati bambo Dickens ankangoponyedwa m'ndende, kumene ngongole inkakulirakulira, pakuti chakudya ndi pogona ankalipira yekha. Nanga munthu wotsekeredwa ndalama akazipeza kuti? Marshalsea inatsekedwa mu 1842, ndipo lamulo la mu 1869 linathetsa mbali yaikulu ya mchitidwe womanga anthu pa ngongole.

Lero ku England munthu wogwa pa chuma nthawi zambiri amamasulidwa pakatha miyezi 12. Ngongole za pa khadi la kubanki ndi zina zopanda chikole zimafafanizidwa. Koma ya nyumba imagona pa chikole, ndipo banki ikhoza kuigulitsa nyumbayo. Chindapusa cha kukhoti, ndalama zolerera mwana, ngongole ya boma yophunzirira kuyunivesite ndi ngongole yotengedwa mwachinyengo, zonsezi zimamutsata munthu. Apa ndiye akuluakulu amati mlandu suwola.

Anthu a kuno zinawatengera zaka zoposa 300 kuti aleke kumuona ngati wakuba munthu amene tsoka lamugwera. Malume anga sanabe kanthu. Mvula inadula chimanga chisanakhwime, basi. Pamene ndinkachotsa dzanja pa khoma lija, ndinalakalaka akanapeza wina wowafunsa kuti chinachitika n'chiyani, asanawasasule denga.