Masitampu a Msonkho ndi Makomboni a Lusaka

Sitampu ya msonkho ndi kapepala komata kamene boma limagulitsa ngati umboni wakuti munthu walipira ndalama yofunika pa chikalata, monga lisiti, pangano logulitsana malo kapena pepala la kukhoti, ndipo ku Northern Rhodesia kapepala kameneka kawirikawiri sikankasiyana ndi sitampu ya pa kalata. Masitampu oyamba a dzikolo, amene anatuluka mu 1925, patangotha chaka boma la Britain litatenga ulamuliro m'manja mwa British South Africa Company, anali ndi nkhope ya Mfumu George V pamwamba pa njovu ndi nyamalikiti, pamodzi ndi mawu akuti "Postage & Revenue", kutanthauza kuti sitampu imodzimodziyo inkalandiridwa ku positi ndi pa msonkho pomwe.

Pa chifukwa chimenechi, wosonkhanitsa masitampu amazindikira ntchito imene sitampu inagwira poyang'ana chidindo chimene chinaipha kuti isagwirenso ntchito kachiwiri. Chidindo cha positi chimakhala chozungulira, cha inki yakuda, chokhala ndi dzina la tauni ndi tsiku, pamene sitampu ya pa chikalata inkaphedwa ndi siginecha yodutsa pamwamba pake, chidindo cha banki kapena cha ofesi, chimene nthawi zambiri chinali chofiirira, kapenanso timabowo.

Mabuku a mitengo ya masitampu amalekanitsa mitunduyi mwamphamvu. Buku la Stanley Gibbons la ku London limaika mtengo pa sitampu imene inanyamuladi kalata, ndipo a msonkho amawasiyira mabuku ena, monga la Barefoot, lolemba masitampu a msonkho a maiko amene ankalamulidwa ndi Britain. Sitampu ya masheleni 20 yokhala ndi chidindo cha positi imagulidwa ndalama zambiri kuposa inzake yosainidwa ndi cholembera, chifukwa makalata ofuna ndalama zochuluka chotero anali osowa, ndipo n'chifukwa chake akathyali akhala akufufuta inki ndi mankhwala n'kudindapo chidindo chabodza, chinyengo chimene chimaonekera sitampuyo ikaunikidwa ndi nyale yapadera. Koma kwa wofufuza mbiri, sitampu imene msika umainyozayo ndiyo yolemera nkhani, makamaka ikadali pa chikalata chake, pakuti imatchula amene analipira, chimene analipirira ndi tsiku lake. Kuinyowetsa kuti imatuke n'kutaya umboni umene sungabwezedwenso.

Umboniwo ukauika pafupi ndi mbiri ya Lusaka, amene anakhala likulu mu 1935 m'malo mwa Livingstone, umaonetsa poyera amene lamulo linkawawerengera. Mapangano a malo omatidwa masitampu anali makamaka a azungu ndi amwenye, pamene Mwafirika ankaonedwa ngati mlendo wodzagwira ntchito, woyenera kubwerera kumudzi ntchito ikatha. Ku Matero, kumene khonsolo inamanga nyumba kumayambiriro a zaka za m'ma 1950, munthu ankangochita lendi, ndipo nyumbayo inkayendera limodzi ndi ntchito. Ku George, Kanyama, Chawama ndi Kalingalinga anthu anamanga pa mafamu ndi malo a eni, ambiri akulipira mwini malo mwezi ndi mwezi popanda chikalata chimene khoti likanachilemekeza. Pepala limene bambo wa m'komboni ankayenda nalo linali chitupa, chimene apolisi ankachifuna pamodzi ndi lisiti ya msonkho, ndipo n'zosadabwitsa kuti pa zipolowe za Cha Cha Cha za 1961 otsatira chipani cha UNIP anatentha zitupa, makamaka m'zigawo za Northern ndi Luapula.

Ufulu wa pa 24 Okutobala 1964 sunasinthe zimenezi msanga, ngakhale kuti dera la Mtendere linatsegulidwa mu 1967 kuti anthu adzimangire okha pa mapuloti opimidwa. Lamulo lovomereza makomboni linadza mu 1974, ndipo linapatsa anthu a m'madera monga George ndi Chawama chilolezo chokhala pa malo kwa zaka 30. Pamene mabanja amenewa ankalandira chikalata chawo choyamba cha nyumba, masitampu a Northern Rhodesia anali atasiya kale kugwira ntchito, ndipo mapaundi ndi masheleni anali atalowedwa m'malo ndi kwacha ndi ngwee mu 1968.