Kuchokera pa nambala ya pachitseko kufika pa foni: mbiri ya kaundula wa nkhondo yolimbana ndi udzudzu

Wopopera mankhwala a udzudzu akamaliza nyumba, amasiya chizindikiro pachitseko kenako n'kulemba nambala ya nyumbayo pa fomu kapena mu foni. Chizolowezi chimenechi n'chakale kuposa kompyuta, ndipo mapulogalamu a masiku ano osunga ziwerengero za malungo anabadwira pa funso lomwe chizindikirocho chimayankha: nyumba zilipo zingati, ndipo tasiya ziti?

Masamu ndiwo anatsogola. Ronald Ross, yemwe mu 1897 ali ku India anapeza tizilombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu, anawerengetsa pambuyo pake kuti sipafunika kupha udzudzu wonse. Ukachepa kufika pa mlingo winawake, matendawa amazilala okha. Koma kuti mudziwe kuti mwafika pa mlingowo, pafunika wina wowerenga. Amene anaonetsa kawerengedwe kake ndi Fred Soper wa bungwe la Rockefeller Foundation, pamene udzudzu wa ku Africa wa mtundu wa Anopheles gambiae unalowerera kumpoto chakum'mawa kwa Brazil m'zaka za m'ma 1930. Soper anaduladula deralo m'zigawo, wantchito aliyense chigawo chake ndi fomu yake, ndipo m'mbuyo mwake munkabwera kapitawo wodzaona ngati zolembedwazo zinali zoona. Pofika 1940 udzudzuwo unali utatha m'dzikomo.

Bungwe la WHO linatengera khalidwe lomwelo mu 1955 poyambitsa ntchito yofuna kuthetseratu malungo ndi mankhwala a DDT. Asanapopere, ankajambula mapu a mudzi, nyumba iliyonse n'kupatsidwa nambala ndi khadi. Ku Sri Lanka odwala malungo anatsika kufika pa 17 okha mu 1963. Kupopera kutaima, matendawa anabwerera mwakachetechete, ndipo mu 1969 odwala anaposa theka la miliyoni. Zifukwa zinalipo zingapo, koma china n'chakuti maso oyang'anira anali ofooka: moto unaoneka utakula kale.

Kompyuta zitatsika mtengo, zinthu zinayamba kuyenda msanga. Bungwe la CDC la ku America linatulutsa Epi Info m'zaka za m'ma 1980, ndipo mu 1996 akatswiri anayamba ntchito ya MARA yojambula mapu a malungo mu Africa. Koma pulogalamu yomwe inazika mizu kwambiri inabadwira ku South Africa tsankho litangotha, pamene akatswiri a kumeneko ndi a ku yunivesite ya Oslo anapanga DHIS kuti maboma azisunga okha ziwerengero zawo zaumoyo. Mtundu wake wa pa intaneti, DHIS2, unayamba kugwira ntchito ku Kerala m'dziko la India mu 2006, ndipo Malawi anautenga mu 2012.

Komatu kuwerenga odwala okha sikokwanira, ndipo phunziro lake linali lowawa. Ku KwaZulu-Natal anasiya DDT mu 1996 n'kuyamba kupopera mankhwala a gulu la pyrethroid. Udzudzu wa Anopheles funestus, womwe unali utasowa kumeneko kwa zaka zambiri, unabwerera utapima kale mankhwala atsopanowo, ndipo mu 2000 South Africa inalemba odwala oposa 60,000. Kaundula wa kuchipatala ankaonetsa kuti anthu akudwala, koma chifukwa chake chinali m'mabuku ena, a anthu ogwira udzudzu. Ngakhale kuno ku Malawi, funestus wosamva mankhwala omwewo anapezeka pa chilumba cha Likoma mu 2010.

Apa ndi pomwe panabadwira DDMS, pulogalamu yomwe inapangidwa ndi thandizo la bungwe la IVCC la ku Liverpool pamodzi ndi akatswiri a ku Colorado State University. Cholinga chake chinali kuika pamalo amodzi zinthu zomwe kale zinkakhala m'maofesi osiyana: odwala, mitundu ya udzudzu wogwidwa, zotsatira za kuuyesa ndi mankhwala, nyumba zopoperedwa ndi katundu wotsala m'nkhokwe. Inkatumikira malungo ndi dengue pamodzi, ngakhale udzudzu wa dengue, Aedes aegypti, umaluma masana ndi kuswana m'zitini ndi m'matayala, zomwe zimafuna mafomu ena.

Kwa ine, kusintha kwakukulu kunachitikira ku Zambia mu 2014, pamene bungwe la Akros linayesa mSpray, yomwe pambuyo pake inakhala Reveal. Kupopera kumateteza mudzi pokhapokha nyumba pafupifupi 85 mwa 100 zilizonse zikafikiridwa. Koma kwa zaka zambiri opopera ankawerengera pa nyumba zomwe azipeza, osati zomwe zilipo. Gulu lotopa, lomwe silinawoloke dambo kukafika kwa mabanja a kutsidya, linkabwerabe ndi lipoti lokongola, popanda wonama aliyense. Ndi njira imeneyi, madenga amawerengedwa kaye pa zithunzi za setilaiti, ndipo kapitawo amaona pa foni nyumba zomwe zatsala gulu lisanasamuke m'deralo. Ndi nzeru ya Soper yomwe ija, kungoti wofufuza tsopano ali kumwamba.

Lero vuto ndi kuchulukana. Wopereka thandizo aliyense amabwera ndi pulogalamu yake, ndipo mlangizi wa zaumoyo mmodzi yemweyo amalemba nkhani imodzi kangapo, kwinaku akusaka netiweki ndi potchaja foni. WHO yakonza zigawo za malungo ndi za udzudzu mkati mwa DHIS2 pofuna kuchepetsa piringupiringu ameneyu. Nkhani ya nthawi nayo ikadalipo. Zipatala zambiri zimatumiza lipoti kamodzi pamwezi, pamene nthawi yotentha udzudzu umachoka pa dzira kufika pouluka m'masabata osapitirira awiri. N'chifukwa chake Zanzibar, komwe malungo atsika kwambiri, inayamba mu 2008 kulandira ziwerengero za zipatala pa foni sabata iliyonse, ndipo kuyambira 2012 wodwala akapezeka, wazaumoyo amamulondola kwawo kukayeza onse a m'nyumbamo.