Chigumula cha Poizoni ku Church Rock

Mwala wa yureniyamu ukakumbidwa umayamba waperedwa mpaka kusanduka mchenga, kenaka umaviikidwa mu asidi kuti yureniyamuyo asungunuke. Chimene chimatengedwa n'chochepa zedi. Chotsala ndi phiri la gaga wosakanikirana ndi madzi a asidi. Gaga ameneyu ngwoopsa, pakuti pafupifupi magawo 85 mwa 100 a mphamvu ya radiyeshoni amatsalira momwemo. Muli radium, amene amatulutsa mpweya wa radon woyambitsa khansa ya m'mapapo, ndi thorium, amene mphamvu yake imatenga zaka pafupifupi 75,000 kuti itsike ndi theka. Nthawi zambiri eni migodi amathira zonsezi m'dziwe lotchingidwa ndi khoma la dothi.

Dziwe lotere lidalipo ku Church Rock m'chigawo cha New Mexico ku America, pafupi ndi midzi ya anthu a mtundu wa Navajo, oweta nkhosa. Mwini wake adali kampani ya United Nuclear Corporation. Khomalo lidaonetsa ming'alu kale, koma ntchito idapitirira. M'bandakucha wa pa 16 Julaye 1979 lidagumuka, ndipo malita oposa 350 miliyoni a madzi apoizoni, pamodzi ndi matani 1,100 a matope, adakhuthukira mumtsinje wa Puerco n'kuyenda mpaka kulowa m'chigawo cha Arizona.

Abusa amene adaponda m'madzimo adapsa mapazi, ndipo ziweto zina zimene zidamwa zidafa. Machenjezo oyamba adali m'Chingerezi, chinenero chimene okalamba ambiri a Chinavajo sankachimva. Bwanamkubwa wa chigawocho, Bruce King, adakana pempho loti deralo lilengezedwe kuti lagwa m'ngozi. Chomvetsa chisoni n'chakuti miyezi inayi m'mbuyo mwake, ngozi ya ku Three Mile Island ku Pennsylvania idagwedeza dziko lonse. Kulira kwa oweta nkhosa kudathera m'chipululu.

Chigayo cha kampaniyo chidatsekedwa mu 1982, koma gaga uja adatsala. Mu 1983 boma lidaika malowo pamndandanda wa madera oipitsidwa koposa m'dzikolo. Malamulo a ku America amafuna kuti zinyalala zotere zikwiriridwe ndi dothi la makande ndi miyala m'njira yoti zisasunthe kwa zaka 1,000, kapena zikachepetsetsa 200. Tangoganizani: ndi kampani iti imene idzakhalapo kufikira nthawi imeneyo? Mu 2005 akuluakulu a mtundu wa Navajo adakhazikitsa lamulo loletsa kukumba ndi kugaya yureniyamu pa nthaka yawo.

Nafenso tili nalo dziwe lotere ku Kayelekera m'boma la Karonga, kumene mgodi wa yureniyamu udatsegulidwa mu 2009. Madzi a m'dera limenelo amatsikira mumtsinje wa North Rukuru, umene umakathira m'Nyanja ya Malawi.