Momwe Zining'a za Chingerezi Zidalowera M'kalasi

Dikishonale ya Oxford imene ophunzira ambiri a sekondale amaidziwa idabadwira ku Tokyo, kutali ndi England.

Mu 1922 mphunzitsi wa ku Britain, Harold Palmer, adapita ku Japan kukalangiza boma za kaphunzitsidwe ka Chingerezi, ndipo chaka chotsatira adayamba kutsogolera bungwe lofufuza za ntchitoyi. Iye adaona kuti ophunzira ankaloweza mawu ambirimbiri ndi malamulo a galamala, koma zining'a zinkawapiringa mutu, chifukwa tanthauzo lake silipezeka pomasulira liwu lililonse palokha. Mu 1933 bungwelo lidatulutsa lipoti la mawu oyendera limodzi, lotsindika kuti wophunzira aziwagwira onse pamodzi ngati mtolo umodzi.

A. S. Hornby, amene ankagwira ntchito ndi Palmer, adapitiriza ntchitoyi. Dikishonale yomwe adalemba ndi anzake awiri idatuluka ku Tokyo mu 1942, nkhondo ili mkati, ndipo mu 1948 a Oxford University Press adaisindikizanso. Ndiyo idadzakhala Oxford Advanced Learner's Dictionary.

Kompyuta nayo idabweretsa zake. Kuyambira mu 1980, John Sinclair ndi gulu lake la COBUILD ku Birmingham adasanthula mawu mamiliyoni olembedwa ndi oyankhulidwa. Kafukufuku wa Rosamund Moon wa mu 1998 adaonetsa kuti zining'a zambiri zotchuka, eni chiyankhulo sazigwiritsa ntchito kawirikawiri. Choncho aphunzitsi oloweretsa ana mndandanda wautali wa zining'a amawatopetsa pachabe.