Mbiri ya Lotale: Kuchokera pa Pepala Kufika pa Foni

1. Lotale n'chiyani?

Lotale ndi mtundu wa njuga. Anthu amagula matikiti okhala ndi manambala, kenaka pamachitika maere. Amene wachita mphumi amatenga mphoto. Ena onse ndalama zawo zimangopita.

2. Ndalama zomangira mizinda

Lotale inakula chifukwa cha olamulira. Iwo anaona kuti msonkho anthu amapereka monyinyirika, pamene tikiti amagula mosakakamizidwa.

Mu 1445 tauni ya Sluis, yomwe lero ili m'dziko la Netherlands, inachititsa lotale kuti ipeze ndalama zomangira malinga. Ku England, Mfumukazi Elizabeth Woyamba analamula lotale yokonzetsera madoko, ndipo maere ake anachitika mu 1569. Lotale ya boma la Netherlands, Staatsloterij, inayamba mu 1726 ndipo ikuchitikabe mpaka lero.

Ku Spain lotale ya pa Khirisimasi inayamba mu 1812. Pa 22 Disembala chaka chilichonse, ana a sukulu ya San Ildefonso mumzinda wa Madrid amatchula manambala opambana mochita kuyimba, dziko lonse litatchera khutu.

3. Chinyengo chilowerera

Ku America, kampani ya lotale ya ku Louisiana inkagulitsa matikiti m'dziko lonse kudzera pa positi. Inalemera kwambiri, n'kuyamba kupereka ziphuphu kwa andale. Anthu atadandaula, mu 1890 nyumba ya malamulo inaletsa kutumiza matikiti pa positi. Lotale zovomerezeka zinatha m'dzikomo kufikira mu 1964, pamene chigawo cha New Hampshire chinayambitsa yake.

Dziko la Britain nalo linathetsa lotale ya boma mu 1826. Inabweranso mu 1994, patapita zaka 168.

4. Malamulo a masiku ano

Lotale itabwerera, maboma anaikhwimitsira malamulo. Kampani yoyendetsa lotale iyenera kukhala ndi chiphaso. Gawo la ndalama limapita ku boma kapena ku ntchito zothandiza anthu, monga maphunziro ndi masewera. Ana saloledwa kugula tikiti: mu 2021 Britain inakweza zaka zoyambira kuchoka pa 16 kufika pa 18.

Ku South Africa lotale ya dziko lonse inayamba mu 2000. Kuno ku Malawi, lamulo la mu 2022 linakhazikitsa bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, lomwe limapereka ziphaso ndi kuyang'anira njuga ndi lotale.

5. Lotale ya pa intaneti

Mu 2012 chigawo cha Illinois chinakhala choyamba ku America kugulitsa matikiti pa intaneti. Lero m'maiko ambiri munthu amagula tikiti ali khale kunyumba, foni ili m'manja. Popeza ndalamayo saigwira, zimavuta kuzindikira kuti waononga zingati.

Kompyuta nayo ikhoza kuchitidwa chinyengo. Eddie Tipton anali mkulu woona za chitetezo ku bungwe loyendetsa lotale m'zigawo zingapo za America. Iye anaika pulogalamu yachinsinsi m'makina osankha manambala kuti azidziwiratu zotuluka. Zitaululika, mu 2017 khoti linamugamula kukakhala kundende zaka zofika 25.

Palinso akathyali amene amatumiza uthenga pa foni wonena kuti mwini foniyo wapambana, koma ayambe watumiza kangachepe kuti mphoto ituluke. Lotale yeniyeni silipiritsa wopambana, ndipo munthu amene sanagule tikiti sangapambane.

6. Mwayi wake ndi wotani?

Pa lotale ya Lotto ku Britain munthu amasankha manambala 6 mwa 59. Mwayi woti manambala onse 6 afanane ndi otuluka pa maere amodzi ndi umodzi pa 45 miliyoni. Nambala imeneyi ndi pafupifupi yofanana ndi kuwerenga Amalawi onse kawiri.

Wofuna kugula tikiti ayambe wafufuza ngati kampaniyo ili ndi chiphaso cha boma, ndipo ndalama ya ufa, ya feteleza kapena ya fizi asaikhudze.